Lole ya pa Mpamba imalira pamtsetse

Loweruka lapitali ndinakaonerera okushoni pabwalo la malemu Ada Mhone, kuseri kwa msika wa Mpamba. Mkuluyu anali makaniko, ndipo moyo wake wonse ankatolera zimene ena ataya: malole atatu akale a asilikali, kajipi kopanda denga, thirakitala, injini za zigayo, ndi makina ena oti dzina lake sindilidziwa. Atamwalira, ana ake okhala ku Lilongwe anagwirizana kuti zonsezo zichoke. Anabweretsa bambo wina wa tayi woitanira mitengo. Ogula zitsulo zakutha anafikanso, sikelo ndi makina odulira zili m'galimoto.

Zambiri mwa zinthuzo zinathadi. Dzimbiri linazidya, m'kajipi muja munamera mpapaya. Zimenezo sindikuzilira ayi. Zipite, njoka zikafune kwina kogona.

Koma pamzerepo panali lole yobiriwira imene kuno timaitcha Msilikali. Nthawi ya dzinja, misewu ya kumapiri ikasanduka phala, ndi iyo yokha imakwera. Ndi iyo inatsitsira mlongo wanga kuchipatala matenda a pakati atamuyamba, galimoto zina zitatitimira m'matope. Ndi iyonso inanyamula bokosi la bambo anga.

Wa tayi uja anakwera, napotokola kiyi katatu. Zii. Anatsika n'kulengeza kuti ndi yakufa, igulitsidwa poyeza pasikelo.



Msilikali salira ndi kiyi. Sitata yake inafa ine ndisanamere ndevu. Ada Mhone ankaiimika pamwamba pa kamtunda, mphuno italoza kumsewu, mwala uli kutsogolo kwa tayala. Ukachotsa mwala, lole imatsetsereka n'kudzidzutsa yokha. Pa Mpamba palibe amene sadziwa zimenezi. Koma alendowa, pofuna kuti katundu aoneke bwino, anaikokera pamalo athyathyathya, kenako n'kudabwa kuti siyankha.

Ada Kamanga, amene anaiyendetsa zaka zambiri, anaimirira ndi ndodo yawo n'kupempha kuti ibwezedwe pamtunda. Wa tayi anati nthawi palibe. Mwana wamkulu wa malemu anawauza mwaulemu kuti zakale zinapita.

"Mwana wanga," anatero Ada Kamanga, "galimotoyi sinafe. Mwangoiimika malo olakwika."

Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinavula jekete. Amayi ogulitsa usipa anasiya mabeseni, a kabaza anagoneka njinga, wophika wina wa ku malo ogona alendo ku Kande anapinda thalauza lake loyera. Tinakankha, thukuta lili kamukamu, ogula zitsulo akutiseka. Titafika pamwamba n'kuika mwala kutsogolo kwa tayala, Ada Kamanga anathira dizilo amene anabwera naye m'kachigubu, anakhala pachiwongolero, ife n'kuchotsa mwala. Lole inatsetsereka, inatsokomola kawiri, inalavula utsi wakuda, kenako inabangula mpaka mbuzi kubalalika.

Tsono ndikufunseni, inu owerenga. Ndi zinthu zingati m'dziko muno tazitcha zakufa chifukwa choti woyesayo sankadziwa kaliridwe kake? Mjigo ukangovuta, mawa lake zitsulo zake zili pasikelo. Makina osokera a amayi athu akutha chimodzimodzi. Munthu wobwera m'mawa, wobwerera madzulo, ndiye amagamula, pamene amene anakhala ndi chinthucho zaka zonsezi ali chapafupi, osafunsidwa. Timachita manyazi ndi zakale ngati kuti zatsopano tili nazo. Chatsopano chokwera kumapiri mu Febuluwale chili kuti? Mundionetse, Msilikali ndikamudula ndekha.

Ana a malemu sindikuwada. Bwalo ndi lawo, ndipo dzimbiri silidyetsa munthu. Koma dzinja likadza iwo adzakhala ku Lilongwe, pa phula. Matope adzatsala ndi ife.

Injini ikulirabe, Ama Nyachirwa, mkazi wa malemu, amene tsiku lonse anangokhala pakhonde popanda wowafunsa kanthu, ananyamuka pang'onopang'ono. Anafika pa lole, namatula kapepala ka nambala kamene kanamatidwa pagalasi, n'kukapereka m'manja mwa mwana wawo.

"Iyi musalembe," anatero. "Ikadzandiperekeza ine kumanda, mudzaidule."

Mwanayo anayang'ana pansi. Wa tayi anatembenukira ku thirakitala.

Ogula zitsulo anapakira zina zonse, ndipo pochoka anasiya mawu akuti adzabweranso, poti nkhalamba sizikhalitsa. Abwere. Adzapeza lole ili pamtunda pake, mwala uli kutsogolo kwa tayala. Koma Ada Kamanga maso ayamba kuwavuta, ndipo mpaka lero palibe wapita kukawapempha kuti amuphunzitse. Ine ndikupita Lolemba. Inu a pa Mpamba amene munakankha nawo, mukudikira kuti nawonso tiwatche akufa?