Amai Olipa Njobvu, Womasulira Wosafulumira

Ambiri m'parishi muno timawakumbukira Amai Olipa Njobvu ali ndi tsache m'manja, koma ntchito imene inali pamtima pawo inali ina. Anabadwira ku Katete, ndipo sukulu anailekera m'giredi yachitatu kuti alere ang'ono awo. Ku Kafue kuno anabwera ndi amuna awo, a Shadreck, amene ankagwira ntchito ya njanji. Kwa zaka makumi atatu ankasesa tchalitchi Loweruka lililonse osadandaula.

Chingerezi anachiyamba ali ndi imvi kale, m'kalasi ya akuluakulu ku Nangongwe. Tinawaseka, ngakhale ine ndemwe. Koma atabwera wansembe watsopano wosadziwa Chinyanja, ndi iwo amene anadzipereka kumakamasulira ku tchalitchi cha asodzi ku Chanyanya.

Tsono wansembeyo ankakonda mawu okuluwika, ena omveka ngati akudzitsutsa okha, monga chete wofuula kapena chisoni chokoma. Amai Olipa akamva zotere ankaima n'kumufunsa anthu onse akuona, chifukwa ankaopa kunamiza anthu m'nyumba ya Mulungu. Mawu ena ankapita nawo kunyumba sabata yathunthu, kufunafuna munthu amene moyo wake ukufanana nawo. "Nikapeza munthu wake, ninshi namvela," ankatero.

Misa inkatalika, asodzi maso ali kumtsinje. Komiti ya tchalitchi inachotsa Amai Olipa n'kuikapo a Given, mphunzitsi wa lilime lothamanga. Amai Olipa zinawapweteka kwambiri, tonse tinaona, koma anangobwerera ku tsache lawo.

Kenaka kunagwa maliro a msodzi wina amene anamira. Pa Misa wansembe anatchula chisoni chokoma chija, a Given n'kungochimasulira momwemo osalongosola. Mkazi wa malemuyo, Mai Fines, anadzuka ndi mkwiyo n'kutuluka. Amai Olipa anamutsatira panja, namugwira dzanja.

"Mwana wanga, siku ija unapeleka mwana wako Yande ku chikwati unalila maningi, koma unaziba kwamene ayenda. Ndiye vamene bakamba ba Father."

Mai Fines analira mpaka mtima unatsika, kenaka analowanso. Lamlungu lotsatira asodzi eni ake anapempha kuti Amai Olipa abwerere, nati Misa italike mmene ingatalikire.

Anamasuliranso zaka zisanu ndi zitatu mpaka miyendo inakana. Anatiphunzitsa kuti si bwino kupatsira mnzako mawu amene iwe mwini sunawamvetse. Anamwalira mwamtendere mwezi watha, Lachiwiri m'mawa, atalandira sakramenti la odwala. Wansembe uja asanachoke pambali pa bedi lawo anawafunsa ngati akumva ululu.

"Kubaba kuliko, ba Father, koma nili chabe bwino."

Wansembeyo sanacheukire aliyense kuti amumasulire.