Dothi la Kuseri kwa Chumuni

Ku South Bend kuno palibe Mmalawi amene sawadziwa Anti Evelina Makwinja. Ukangofika kumene, usanadziwe n'komwe kokwerera basi, iwo atulukira kale pakhomo pako ndi jekete lakale ndi kapoto ka nyemba. Ine ndawadziwa zaka khumi ndi zinayi. Timagwira limodzi ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, kusambitsa ndi kudyetsa azungu amene ana awo alibe nthawi. Ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu, ndipo sagonja pa mkangano ngakhale aliyense akuona kuti aphonya. Ndimawakonda. Koma nkhani iyi ndikaikumbuka ndimadziimbabe mlandu, chifukwa galimoto imene inawatengera kumaloko inali yanga.

Kwawo ndi ku Namitambo, ku Chiradzulu. Mayi awo anali woumba mbiya, ndipo Evelina anakula akusenza dongo kuchokera kudambo. Mpaka pano amanyadira lilime lawo. Amati dongo labwino sulidziwa ndi maso, umalilawa. Likakhala ndi mchenga limalira m'mano, likakhala labwino limasungunuka. Anabwera kuno potsatira amuna awo amene anadzachita maphunziro. Bambowo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Mervin, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo Evelina anamulera okha ndi mashifiti awiriawiri. Lero Mervin amagwira ntchito pachipatala china ku Indianapolis ndipo amakhala ku Lawrence, kufupi ndi komweko. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi. Mkazi yekha ndiye anakamutenga kumudzi, mtsikana waulemu wa ku Zomba dzina lake Atupele.

Banjali linatha zaka zinayi lopanda mwana. Pakati pamodzi panapita padera. Choncho Atupele ataimanso, ndipo miyezi itatu itadutsa bwinobwino, Evelina anasanduka mlonda. Ankaimba foni m'mawa ndi masana kufunsa chimene mpongozi wawo wadya. Mwana ameneyu ndiye anali chilichonse kwa iwo.

Tsiku lina Atupele anaulula monong'ona kuti akulakalaka dothi. Mvula ikagwa ankaima pazenera, malovu ali chuchuchu ndi fungo lokhalo. Kwathu zimenezi si nkhani. Mayi woyembekezera amagula dothi lowotcha pamsika, kapena amakagumula chulu, ndipo palibe amamudabwa. Koma kuno ukalipeza kuti? Mnzathu wina anayesa kubwera nalo kuchokera ku Limbe, anamulanda pabwalo la ndege. La kuseri kwa nyumba Evelina analilawa n'kulavula, n'kunena kuti likununkha mankhwala a kapinga.

Ndiye kuntchito kwathu kunali nkhalamba ina, Bambo Gray, ya zaka makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri. Kwawo kunali kudera la migodi ya malasha, kumadzulo chakumwera kwa Indianapolis. Ali mnyamata anakumba malasha, chifuwa chitayamba kuvuta anasamukira kufakitale ya njerwa ndi matailosi ya komweko, kumene anagwira mpaka inatsekedwa. Nkhani yake inali imodzimodzi tsiku lililonse: kuti pansi pa malasha pamakhala dongo, ndipo dongo la kwawo linali losalala ngati batala, losafanana ndi lina lililonse. Ife tonse tinkangoti eya, eya, tikumupukuta msana. Evelina okha ndiwo anatchera khutu. Anamupempha kuti awajambulire njira papepala, ndipo mkuluyo anasangalala zedi, poganiza kuti akufuna kukaumba miphika ngati mayi awo. Iwo sanamuuze cholinga. Mzungu ungamuuze bwanji kuti ukufuna kukadya dothi?

Tinapita Loweruka lina mu Meyi. Ulendo wake ndi wautali, maola anayi, ndipo ndinadandaula njira yonse. Titapatuka mumsewu waukulu dziko linasintha. Tinayamba kuona timapiri takuda topanda mitengo, ndi maiwe aakulu m'maenje a migodi yakale, ena madzi ake ofiira ngati dzimbiri. Kenaka tinaiona chumuni ya fakitale ija, yayitali, yong'aluka chakumwamba. Pansi pake panali mauvuni ozungulira ngati nkhokwe zikuluzikulu, ena atagwa denga, mitengo itamera m'kati. Njerwa zinali mbwee paliponse. Kunalibe munthu, kunalibe ngakhale galu.

Pampanda wa waya panali chikwangwani chadzimbiri. Mawu apamwamba ankaletsa kulowa, apansi anali atafufutika.

"Anti, pano akuletsa," ndinatero.

"Iii, asisi, zimenezo amalembera akuba zitsulo. Ife tikuba chiyani? Dothi la Mulungu? Pakini apo, tiyeni."

Tinalowera pomwe waya anagwa. Pepala la Bambo Gray linkaloza kudzenje lina patali, koma linali litadzaza madzi. Tikubwerera, kuseri kwa chumuni, Evelina anaona chimtumbira cha dothi lotuwa, losalala. Ine ndinaona kuti pamenepo sipanamere ngakhale kaudzu kamodzi, pamene ponse pozungulira panali thengo. Ndinanena. Anandiyankha kuti dongo lenileni silimeretsa udzu, ndipo ngati sindidziwa ndizifunsa. Anagwada, anatapa ndi chala, anaika palilime n'kutsinzina.

"Mayo ine! Ili ndiye dothi. Lilibe mchenga, ndiponso likutsekemera chapatali. Atupele wanga apuma."

Tinadzaza ndowa ziwiri. Kunyumba analisefa, analiumba timibulu ngati mandasi aang'ono, analiwotcha mu oveni n'kuliika m'zitini za majarini. Ankanyadira ngati apeza golide. Atupele analandira ndi manja awiri, n'kubisa zitinizo kuseri kwa thumba la mpunga, chifukwa Mervin sakanamvetsa. Anadya miyezi itatu, timibulu tinayi kapena tisanu patsiku.

Tsoka silinunkha. Mu Ogasiti Atupele anayamba kumva m'mimba kupota, mutu kuwawa, thupi kulefuka. Kusikelo anati magazi achepa kwambiri. Dokotala anamufunsa ngati amadya china chilichonse chosakhala chakudya, iye anakana. Anachita manyazi, komanso sanafune kutchula apongozi ake. Atayezanso magazi anapeza ledi wambiri, chitsulo chija akuluakulu amati mtovu, chimene chimawononga ubongo wa mwana ali m'mimba. A zaumoyo anabwera kunyumba, anayeza penti ya m'makoma, anayeza madzi a pampopi, osapeza kanthu. Kenaka Mervin, akusuntha katundu kuti anthuwo ayeze kukhitchini, anakoka thumba la mpunga lija.

Foni inalira tili pa buleki ya masana, tikudya m'kachipinda ka antchito. Evelina amakonda kuika foni pa sipika, choncho ndinamva zonse. Mervin ankalankhula Chingerezi mofulumira. Anafunsa kuti timibulu totuwa tili m'zitini n'chiyani.

"Ndi dothi, mwanawe. Amayi onse amadya. Inenso ndinadya uli m'mimba iweyo, walumala pati?"

Anafunsa kumene analitenga. Evelina atatchula fakitale yakale ya njerwa ya kumigodi, mwana amene sindinamumvepo akulankhula Chichewa anachilankhula tsiku limenelo, chopindikapindika.

"Amayi, a zaumoyo atesita. Ndi poizoni. Mwampatsa mwana wanga poizoni."

Foni inaduka. Supuni inali idakali m'manja mwa Evelina. Ine ndinaona chimtumbira chopanda udzu chija ngati ndili pomwepo. Iwo anayamba kukana. Anati madokotala a kuno sadziwa dothi, anati makina awo ndi abodza, anati analilawa okha ndipo lilime lawo silinawanamizepo. Kenaka anadzuka, osatseka ngakhale kontena ya chakudya, n'kulunjika kuchipinda cha Bambo Gray. Ndinawatsatira.

Mkuluyo anali pampando wake pafupi ndi zenera, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno. Evelina anamuuza m'Chingerezi kuti tinapita kwawo kuja, ndipo nkhope yake inawala. Anafunsa ngati chumuni idakalipo. Anafunsa ngati dzenje la dongo tinalipeza. Iwo anati linali lodzaza madzi, choncho tinakumba kuseri kwa chumuni, pa chimtumbira chotuwa.

Kumwetulira kunatha. Anati pamenepo si dongo ayi. Pamenepo ndi pamene ankatayira zotsala za mankhwala owalitsira matailosi, pamodzi ndi phulusa la malasha a m'mauvuni, wilibala pa wilibala, zaka zoposa makumi atatu. Iye mwini anatayapo ndi manja ake. Anati mvula ikagwa madzi ochokera pamenepo ankapha nsomba mumtsinje, ndipo ana a antchito ankakwapulidwa akapezeka akusewerapo. Kenaka anachenjeza Evelina kuti ngati aumba miphika, asaphikiremo chakudya, angoikamo maluwa.

"Sitinaumbe miphika," anatero Evelina. "Tinadya."

Mkuluyo anaganiza kuti sanamve bwino. Anapendeketsa khutu kuti abwereze.

"Mpongozi wanga ndi woyembekezera. Wadya miyezi itatu."

Sindinaonepo nkhope ya munthu ikusintha chotero. Chifuwa chinamugwira, anatsokomola mpaka misozi. Atapeza mpweya anangofunsa funso limodzi, kawiri konse: bwanji simunandifunse? Evelina anakhala pansi, pasimenti penipeni, atavala yunifolomu, miyendo atatambasula ngati ali pamaliro. Safunsa anadya phula, timatero kwathu, ndipo timaseka. Tsiku limenelo panalibe choseketsa. Inenso ndinaona chikwangwani, ndinaona kuti udzu palibe, koma ndinanyamula ndowa.

Atupele anagonekedwa m'chipatala kuti alandire mankhwala. Mwana anabadwa kudakali milungu isanu, wamwamuna, wochepa ngati botolo la Fanta, ndipo anamutcha Mthunzi. Naye anamupeza ndi ledi m'magazi. Madokotala anati asayamwe kaye mpaka magazi a mayi ake atayera. Anatinso za ubongo wake sanganene msanga. Zidzaoneka akamakula, pa kuyenda, pa kulankhula, mwinanso mpaka akadzayamba sukulu. Nkhani ya kudikira imeneyi ndi imene inawathyola Evelina. Akanakonda kuuzidwa chinthu chimodzi, chabwino kapena choipa.

Mervin anatha miyezi inayi osawalankhula. Chikuta cha mdzukulu wawo anachimvera kwa anthu. Anaonda, mawu aakulu aja anaphwa, ndipo kutchalitchi anasamukira kubenchi yakumbuyo. Ndowa yachiwiri, imene inali idakali m'galaja, anaipereka kwa a zaumoyo, amene anabwera atavala magolovesi ndi zophimba kumaso kudzanyamula chinthu chimene iwo anachisefa ndi sefa ya ufa. Bambo Gray anamwalira mu Disembala chaka chomwecho. Mpaka sabata yake yomaliza ankafunsa za khandalo, ndipo nkhani ya dongo losalala ngati batala sanaitchulenso.

Amene anatsegula chitseko ndi Atupele. Anauza mwamuna wake kuti dothi anapempha ndi iye, ndipo amene ananamiza dokotala ndi iyenso, choncho ngati pali wothamangitsa ayambe ndi iye. Kuyambira pamenepo Evelina amapita ku Lawrence Loweruka lililonse limene sali pa shifiti. Mayi amene ankanyoza ana a mkaka wa m'botolo anaphunzira kuwiritsa mabotolo ndi kuyeza masupuni. Amagona ndi kabuku kamene alembamo tsiku limene Mthunzi anakhala pansi, tsiku limene anakwawa, tsiku limene anaima.

Mwezi wathawu ndinawaperekeza. Mthunzi ali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi inayi tsopano. Amayenda, amaseka, amaloza chimene akufuna, koma sananenebe liwu lililonse. Ena akuti ana aamuna amachedwa, ena akuti mwana womva zilankhulo ziwiri amatero. Palibe akudziwa. Tinakhala pakhonde la kuseri masana, Evelina atamugwadira mwanayo n'kumamuuza kuti, "Nena gogo. Go-go. Nena, bambo anga." Iye anangowayang'ana, n'kutsetserekera pakapinga.

Tikucheza, mwanayo ananjuta pamphepete pa kadimba ka maluwa, anatapa dothi ndi kadzanja kake n'kuika m'kamwa, monga amachitira mwana aliyense padziko lapansi. Kukuwa kumene anakuwa Evelina kunatulutsa mzungu woyandikana nawo m'nyumba. Sindinadziwe kuti mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi angathamange chotero. Anamunyamula, anapisa chala m'kamwa mwake, anakokolola, anapukuta lilime ndi nsonga ya chitenje, mwana akulira, iwonso akulira.

Atupele anafika n'kuwagwira paphewa.

"Amayi, musiyeni. Dothi la pano tinatesitsa, lilibe kanthu. Ndi dothi chabe."

Evelina anagwedeza mutu kuti amva. Koma chala sanachichotse m'kamwa mwa mwanayo.