Msewu wa Mfumu ndi Kanjira ka Amayi

Ndikamva fungo la utomoni wa paini, m'maso mwanga mumabwera mapu amene aphunzitsi athu, a Filimoni, anajambula ndi kamtengo pa dothi lonyowa kuseri kwa tchalitchi chathu chaudzu. Linali dzinja, nkhungu itakuta Phiri la Dedza, ife ana mano akugundana ndi chisanu. Anakoka mzere wautali nati uwu ndi Msewu wa Mfumu wa m'Malemba. Unkayambira kummwera pa Nyanja Yofiira, n'kukwera mapiri a Edomu ndi Mowabu, kutsika m'zigwa zakuya n'kukweranso, Nyanja ya Mchere ndi mtsinje wa Yordano zili chakumadzulo, mpaka kukafika ku Damasiko. Munkadutsa ngamira zosenza lubani ndi mkuwa, ndipo okhala m'mbali mwake ndiwo ankadya bwino. Mose atafika ndi khamu lake anatuma amithenga kukapempha njira kwa mfumu ya Edomu, nalonjeza kuti saponda munda wa munthu, samwa pachitsime cha munthu, sapatukira uku kapena uku. Mfumu inakana, Mose n'kuzungulira. Aphunzitsi anati phunziro lake ndi kudzichepetsa. Ine zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawabe.

Zinandiwawa chifukwa nafenso tinali ndi msewu wathu, kanjira kofiira kotsata m'mbali mwa phiri kutsikira ku Linthipe, kamene makolo ankadutsamo ndi mchere ndi makasu azungu asanabwere. Chaka chimenecho a boma oona za nkhalango analengeza kuti phiri latsekedwa, akubzalamo paini, aliyense azizungulira kumsewu wa galimoto. Ukazungulira unkafika msika ukubalalika. M'nkhokwe mwathu munali mutatsala zitsononkho zokha, ndipo mbatata yathu ya kachewere ikanapanda kukasinthidwa ndi chimanga, tikanagona ndi njala mpaka zakumunda zitacha.

Nditawafotokozera amayi za Mose, sanaleke n'komwe kusankha mbatata m'dengu. Anangoti, "Mose anali mlendo, n'chifukwa chake anapempha. Nanga ine ndipemphe yani?"

Tsono mlonda amene anamuika pakanjirako anali a Jabesi, mkamwini wathu, mwamuna wa akulu anga. Munthu wodya za m'munda mwathu, wogona m'nyumba yomangidwa pabwalo pathu, koma atavala kabudula wa khaki ndi chipewa ankayenda ngati phiri analiumba ndi iwo. Amuna a m'mudzi anayesa kudutsa, anawabweza. Amayi ena anayesa, anawalanda nkhuni. Chimene a nkhalango sanachidziwe n'chakuti kwathu mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi ake. Akawaona akubwera amapatuka, kulowa patchire, kunjuta mpaka adutse, ndipo salankhulana pokhapokha kudzera mwa mwana.

M'mawa wa tsiku la msika tinanyamuka mame akali pa udzu, madengu pamutu, amayi patsogolo, ine pambuyo pawo, kenako akazi ena a m'mudzi mu mzere. Timitengo ta paini anali atabzala kale pakati penipeni pa njira, tofika m'mawondo, tonunkhira ngati mankhwala a kuchipatala. Pokhota pathanthwe tinawapeza alamu ataima, ndodo m'manja. Amayi anatembenukira kumbali, nandituma ngati mthenga wa Mose: ndikawauze alamu anga kuti sitithyola nthambi, sititola nkhuni, sitipatukira uku kapena uku, koma tikudutsa. Ndinapita, ndinagwada, ndinanena zonse osasiya mawu. Alamu, maso ali pansi, anandinong'oneza kuti ndikawapepese amayi, akapitawo a nkhalango akamva ntchito ithera pompo. Ndinabwerera nawo mawuwo. Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza, anakonza nkhata pamutu, n'kuyamba kuyenda.

Abale inu, sindinaonepo munthu akutuluka thukuta m'chisanu ngati alamu tsiku limenelo. Amayi sanafulumire, sanachedwe. Alamu anayang'ana ndodo, anayang'ana mapazi a apongozi awo akuyandikira, ndipo kutatsala pang'ono kuti dengu liwakhudze, anavula chipewa, analumphira patchire, n'kunjuta pakati pa timitengo tawo akuomba m'manja chapansipansi. Tinadutsa tonse, wina osaseka, wina osayang'ana. Madzulo tinabwerera momwemo titasenza chimanga.

Sindinama kuti zinatha bwino. Sabata iliyonse alamu ankabzalanso pomwe tapondapo, sabata iliyonse amayi ankatsogolera mzere, mpaka akapitawo anamva. Alamu anavulidwa khaki uja, ndipo patapita nthawi anapita kukafuna ntchito ku Halale. Akulu anga sanalowe m'nyumba ya amayi mpaka titakolola, ndipo ndinkawamva akulira kuseri kwa nkhokwe. Amayi anawatumizira ufa wa chimanga chomwecho, koma kupepesa sanapepese. Mlonda watsopano atabwera, njira inali itauma gwa ngati pabwalo, ndipo chilichonse chimene ankabzalamo chinkafota.

Anthu ena amati amayi anachita nkhanza, anagwiritsa ntchito ulemu wa munthu kumugwetsera pansi. Mwina. Koma amene amanena zimenezi sanagonepo ndi njala m'dzinja la ku Dedza, ndipo amene anaika mkamwini kuti atseke njira ya apongozi ake sanali amayi.

A Filimoni ankati mafumu a Edomu anatha koma msewu uja anthu akuyendamobe. Posachedwa ndinakwera phiri ndi zidzukulu zanga. Paini waima m'mizere yowongoka mbali zonse, koma pakati pake pali mpata umodzi wokhotakhota, wongokwana mkazi mmodzi ndi dengu lake. Zidzukulu zinandifunsa kuti anaiwala bwanji kubzala pamenepa. Ndinawauza kuti sanaiwale, anabzala ndithu, koma agogo awo aakulu, amayi anga aja, anadutsa.