Mizere ya pakhoma la osoka nsapato

Bambo osoka nsapato a pakona pathu amanyoza onse awiri amene akulimbirana upulezidenti, ndipo sakondera. Malaya a kampeni amalandira a mbali zonse, koma amapukutira nsapato. "Nkhope izi zayamba kugwira ntchito lero," amatero uku akutikita polishi.

Chimene chimawapweteka mtima ndi ngalande ya kutsogolo kwa kashopu kawo. Dzinja lililonse madzi onunkha amasefukira m'kati, ndipo iwo amakanda mzere pakhoma ndi msomali pomwe madziwo alekezera.

Dzana ndinapititsa nsapato yothothoka chidendene, n'kuwauza kuti chaka chino sindikavota, chifukwa wolamulayu ndi wabodza, wotsutsayonso chimodzimodzi.

Anaponya hamala pansi. "Mwana wanga, usandipsetse mtima! Tabwera kuno." Anandikokera kukhoma kuja. Panali mizere isanu, uliwonse pamwamba pa unzake. "Zaka zisanu ndikukapa madzi ndi chitini, msana womwe uno, iye akudutsa pa galimoto atatseka magalasi. Ndiye ndikhale pakhomo, aziyesa ndakhutira?"

"Nanga winayo mukumukhulupirira?" ndinafunsa.

"Ameneyo? Ngakhale lezala sindingamubwereke! Ine sindipita uko kukalemba munthu ntchito ayi. Ndimapita kukachotsa munthu ntchito."

"Nanga naye akalowa n'kuiwala ngalandeyi?"

Anandiponyera nsapato yanga, n'kuloza khoma linalo, lopanda mzere ndi umodzi womwe.

"Lake ndi ilo. Msomali ndikadali nawo."