Nkhope Zopanda Pakamwa za Maliko

Maliko wa ku Mwadzama sakhazikika. Ukamupatsa mpando amakhalira kumphepete, mwendo ukunjenjemera ngati wamva ng'oma. Ntchito yake ndi yolemba mayina pa maboti, koma ife timamudziwira nkhope zake.

Anaziyamba chaka chimene anyamata a chipani anatenga mkulu wake Ellard chifukwa chodandaula za makadi a chipanicho pamsika. Ellard sanabwerenso. Dzina lake tinasiya kulitchula tonse, ine ndemwe, ndipo mkazi wake Jenifa anatentha zithunzi zake chifukwa cha mantha.

Maliko sanalire. Anayamba kutola zidutswa za mabwato owola n'kumajambulapo nkhope ndi makala. M'maso ankamatamo mamba a chambo, koma pakamwa osaikapo. Ankaziimika m'mbali mwa njira yopita kuminda ya mpunga. Anyamata aja atamufunsa, anati, "Makala andithera, bwana." Anamusiya, ati ndi wamisala. Ife tinkadutsapo maso ali pansi, chifukwa tinkadziwa kuti nkhopezo ndi zathu.

Titavota mu 1994, aliyense anasanduka wolimba mtima. "Ikanipo pakamwa, a Maliko, ufulu wabwera!" Okuwa kwambiri anali omwe aja ankathamangira kutseka zitseko. Zinkandinyansa.

Kenako kunabwera Talandira, mwana wa Ellard, amene anasiyidwa ali kumsana. Anali pafupi kukwatiwa ku Dwangwa.

"Bambo aang'ono, ndijambulireni bambo anga ndipite nawo. Koma akhale athunthu."

Maliko anavomera msangamsanga. Chipumi anachipeza, maso anawapeza, ngakhale chipsera cha mbedza patsaya. Pakamwa panamukanika. Milungu itatu ankajambula n'kufufuta mpaka thabwa linakumbika. Anazungulira mudzi wonse akufunsa. Wina ati milomo inali yaikulu, wina ati yaing'ono, wina ati anali ndi mpata wa mano. Jenifa anangodziphimba kumaso ndi chitenje. Atafika kwa ine, nanenso pakamwapo ndinali nditapaiwala, chonsecho Ellard ndinkapalasa naye bwato limodzi. Manyazi ake ndikadali nawo.

Tsiku lonyamuka, Talandira anabwera kudzatenga chithunzicho. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ankaseka bwanji?" anafunsa.

Mwendo wa Maliko unasiya kunjenjemera.

"Sindikukumbuka, mwana wanga."

Talandira anakulunga thabwalo m'chitenje, n'kulisenza momwemo.