Tsiku limene ndinazimitsa tivi ku Hull

Munthu wina wanthabwala wotchuka pa tivi ya kuno ndinamudziwira m'mabuku, zomwe zili ngati kuphunzira kusambira uli pamphasa. Ndinali nditangoyamba ntchito panyumba ina yosamalira okalamba ku Hull, mzinda wa kuno kwa azungu, ndipo masana aliwonse agogo akumeneko ankasonkhana pa tivi kuonera masewero ake akale. Iye ankatulukira pasiteji atanyamula makwerero, n'kumazungulira nawo osakwerapo, akulankhula mothamanga ngati basi ikumusiya. Agogowo ankaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinkaima kumbuyo ndi thireyi ya tiyi, ndikumwetulira mwaulemu, osadziwa pamene pali nthabwala.

Ndiye ndinapita kulaibulale. Sukulu ndinalekera panjira, choncho chilichonse chondivuta ndimathawira nacho kubuku. Ndinawerenga za ubwana wake, za maholo ang'onoang'ono momwe anayambira, za mafilimu ake. Ndinafika potha kufotokoza bwinobwino chifukwa chake anthu amamuseka. Kuseka kwenikweniko ndiye kunandikana.

Sikuti chinali chidwi chokha ayi. Panali bambo ena okalamba, ogwira ntchito padoko moyo wawo wonse, amene sankalola kuti ndiwasamale. Ndikalowa m'chipinda mwawo ankatembenukira kukhoma. Abwana anali atanena kale kuti zikapitirira aona chochita, ndipo ine, wa viza ya ntchito, wosamaliza n'komwe miyezi yoyesedwa, ndinkadziwa kumene mawu otere amathera. Bambowo ankamukonda wanthabwalayo kuposa wina aliyense. Ankanena mawu ake iye asanawatulutse.

M'mawa wina tinamva pankhani kuti wanthabwala uja wamwalira. Masana ake tivi inayamba kuonetsa masewero ake motsatizana, agogo n'kumaseka ngati palibe chachitika. Kwathu maliro akagwa wailesi imazimitsidwa, ngakhale ana amasiya mpira. Ndinatenga rimoti n'kuzimitsa. Kenako ndinapita pamene panali bambo aja, ndinakhala pansi pakapeti pafupi ndi mapazi awo, ndinawerama.

"Pepani, bambo. Tamva zovutazi."



Mnzanga wa ku Zambia, mayi amene wakhala kuno nthawi yaitali, anasuzumira pakhomo. "Achimwene, mwagwa?"

"Ndikukhuza maliro, achemwali."

"A ndani? Anali amalume anu?"

Bambo aja anandiyang'ana, ndipo kanali koyamba maso athu kukumana. "Iwe, ukutani pansipo?"

Ndinawafotokozera kuti kwathu munthu akaferedwa umapita kukakhala naye pansi. Sulankhula zambiri, ndipo suseka.

"Mpaka liti?"

"Mpaka ataikidwa."

"Munthu ameneyu wakhetsa thukuta moyo wake wonse kuti ine ndiseke. Ndiye ndimunyanyale lero?"

Zimenezi munalibe m'mabuku aja. Ndinadzifunsa kuti kodi anthu awa chisoni chawo amachiika pati.

Mapewa a bambowo anayamba kugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Anandiuza kuti anakamuonera wanthabwalayo koyamba kuholo ina ali ndi malemu akazi awo, asanakwatirane, ndipo mayiwo anaseka mpaka nsapato inawavuka n'kugubuduzikira pansi pa mipando. Anatuluka m'holomo atawabereka kumsana.

"Pamaliro a mkazi wanga palibe anakhala nane pansi," anatero akupukuta mphuno. "Onse anangoimirira ndi masangweji m'manja."

Mayi wina wokalamba pakona anali atayamba kumenya ndodo yake pansi, kufuna masewero ake.

"Yatsa tiviyo asanatiphe," anatero bambowo. "Koma usadzuke."

Ndinayatsa. Kuseka kunabwerera, ine ndili pomwepo, miyendo itachita dzanzi. Abwana atalowa n'kundipeza pakapeti nthawi ya ntchito, anatsegula pakamwa, koma bambowo anawatsogolera.

"Musiyeni. Ali pamaliro ndi ine."