Ndere za a Pyo Zosapinda

Zoti a Pyo Man-sik anapereka mimba kwa mzimayi wina wa ku Ulsan ndi bodza, ndipo analiyambitsa ndi mayi Gwak a pamsika wa Gijang. Nkhalamba yatsala ndi mano owerengeka, yonunkha nsomba mpaka m'makutu, angailole ndani?

A Pyo moyo wawo wonse akhala akusoka maukonde padoko, ndipo ndi munthu wonenerera ngakhale mtengo wa singano. Tsono tsiku limenelo anafika pa benchi ya mayi Gwak, n'kuloza miyoku yaitali kuposa yonse, ndere zouma zija timaphikira msuzi mayi akangobereka, n'kulipira osatsegula pakamwa. Aliyense amadziwa kuti miyoku ya wobereka sanenerera, sapindanso, kuopa kufupikitsa moyo wa khanda. Zotsala za nkhaniyo mayi Gwak anangomalizitsa okha m'mutu mwawo.

Wobereka anali Mi-ran, mwana mmodzi yekhayo wa a Pyo, amene anakwatiwa ku Ulsan. Ku ukwati wake a Pyo sanapondeko. Ankati mkamwini wanji wowotcherera zombo koma akakwera bwato amasanza. Chichokereni, Mi-ran sanawaimbirepo foni, ndipo za khandalo anangomvera kwa alamu awo. Ndiye ankapita osaitanidwa, osadziwa ngati akawatsegulira chitseko.

Sitima yapamtunda inabwera itadzaza. Miyokuyo inkawafika m'khosi, youma gwa, yosachedwa kuthyoka. Anaikumbatira choimirira, anthu akuwakankha uku ndi uku.

"Agogo, pindani chinthucho, mutilasa m'maso," anatero bambo wina wa tayi.

"Pindani tayi yanuyo."

Amayi atatu amene anakhala pampando umodzi anafa nacho chiseko.

"Imeneyo ndi ya m'chikuta! Bwerani nayo kuno," anatero wapakati. "Wabereka ndani, madala? Akazi anu?"

"Mwana wanga."

"Ndi mnyamata kapena mtsikana?"

A Pyo anayang'ana pawindo, nyanja ikuoneka n'kubisikanso kuseri kwa mapiri. "Sindikudziwa."

Kuseka kunathera pomwepo. Amayiwo anailandira miyoku ija n'kuigoneka pamiyendo pawo onse atatu, bambo wa tayi uja n'kumuuza kuti asunthire kutali ndi chikwama chake. Sitima itaima pa siteshoni ina, wakumapeto anasuzumira panja koma sanadzuke.

"Si kwanu pano?" anamufunsa anzake.

"Ndikadzuka ithyoka. Amuna anga adikire, anazolowera."

Ku Ulsan anatsegula chitseko ndi mkamwini uja. Anawerama kupereka ulemu. A Pyo anangoti njo, miyoku ili patsogolo ngati chishango. Kenako Mi-ran anatulukira pang'onopang'ono, atagwirira khoma. Bambo ake sanawayang'ane. Anayang'ana miyokuyo, kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Simunapinde?"

"Ayi."

"Mu sitima ya Loweruka?"

"Anandithandiza amayi ena olongolola."

"Nanga munanenerera?"

"Sindinanenerere."

"Ndiye kuti mukudwala, bambo." Anapukuta m'maso ndi dzanja. "Alendo sitikulola panopa. Koma inu vulani nsapato, mukasambe m'manja kawiri. Mukununkha doko."

Madzulo ake mkamwini ndi amene anaphika msuzi, ndipo a Pyo akuti mchere unachepa, koma anamwa mbale yonse.

Zoona zake n'zakuti khanda la ku Ulsan ndi mdzukulu wawo wamkazi, ndipo a Pyo tsopano amakwera sitima Loweruka lililonse kukamunyamula.